Kodi wapolisi ndi wa ndani?

Tiyerekeze kuti achinyamata awiri afunsira ntchito ya upolisi. Onse alemba mayeso, athamanga, adokotala awapima, ndipo onse akhoza. Woyambayo wapeza malikisi ambiri kuposa mnzake. Koma mayina potuluka, la wachiwiriyo lilipo, la woyambayo palibe. Atafunsa chifukwa, akumuuza mosabisa kuti anthu a mbali yake akwana kale, malo otsalawo ndi a anthu a mpingo winawo.

Ambiri a ife tikamva zoterezi timapsa mtima nthawi yomweyo. Timati ndi tsankho basi, palibenso zokambirana. Munthu wakhetsa thukuta, wagona mochedwa akuwerenga, ndiye mukumusiya chifukwa cha kumene makolo ake amapemphera? Komatu zimenezi zinachitikadi ku Northern Ireland, mwalamulo, kwa zaka khumi. Ine ndimaona kuti anthu a kumeneko anachita bwino, ngakhale kuti mnyamata wosiyidwa uja anapwetekedwa ndithu. Zinthu ziwirizi ndi zoona zonse, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika kuifatsira.

Northern Ireland ndi chigawo cha United Kingdom chomwe chili pa chilumba cha Ireland. Anthu ake ndi ogawikana pawiri. Mbali imodzi ndi ya Apulotesitanti, omwe ambiri amafuna kukhalabe limodzi ndi Britain. Mbali inayo ndi ya Akatolika, omwe ambiri amafuna kuti chigawocho chiphatikizane ndi dziko la Ireland. Mayina a mipingowa asakusokonezeni, mkangano wake sunali wa kapempheredwe ayi. Kumeneko mpingo uli ngati mtundu kwathu kuno: umanena dera limene unabadwira, sukulu imene unaphunzira ndi mbendera imene makolo ako amailemekeza. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1998, anthu oposa 3,500 anaphedwa pa mkangano umenewu.

Apolisi a nthawi imeneyo ankatchedwa Royal Ulster Constabulary, mwachidule RUC. Powakhazikitsa mu 1922, gawo limodzi mwa magawo atatu a malo linasungidwira Akatolika, koma malowo sanadzaze. Pofika 1999, pa apolisi 100 alionse, Akatolika anali 8 okha, chonsecho pa anthu 100 alionse a m'chigawocho, Akatolika anali oposa 40. Zifukwa zake zinali zolukanalukana. Akatolika ambiri ankaona RUC ngati chibonga cha mbali inayo, chifukwa cha mmene inkawachitira pa zionetsero, pofufuza m'nyumba zawo ndi pofunsa mafunso anthu omangidwa. Kwinaku gulu la IRA linkasaka apolisi, ndipo apolisi pafupifupi 300 a RUC anaphedwa pa nthawi yonseyi. Mkatolika wovala yunifolomu ankatengedwa ngati wogulitsa abale ake, moti ena sankathanso kukacheza kwa makolo awo momasuka. Ngakhale bungwe la masewera achikhalidwe cha Ireland, la GAA, linali ndi lamulo loletsa wapolisi wa RUC kukhala membala wake.

Tsono taganizani za mayi wa m'dera la Akatolika ku Belfast amene akuba amuthyolera nyumba. Kupolisi sangapite, mwina chifukwa sawakhulupirira, mwinanso chifukwa akuopa kuti anansi amuona akulowa kumeneko. Dera likasowa wapolisi womukhulupirira, sikuti limakhala lopanda woweruza. Amabwera ena. Ku Belfast, m'madera a mbali zonse ziwiri, magulu a mfuti ndi amene ankalanga oganiziridwa kuba, ndipo chilango chodziwika chinali kuwombera munthu m'mabondo. Panalibe khoti, panalibe loya, panalibe apilo.

Mgwirizano wa mtendere wa pa 10 April 1998 utasainidwa, panakhazikitsidwa komiti younikira za apolisi, yotsogozedwa ndi Chris Patten, yemwe anali bwanamkubwa womaliza wa Britain ku Hong Kong. Lipoti lake linatuluka mu September 1999 ndi mfundo 175. Imodzi mwa mfundozo ndi imene tikukambiranayi. Aliyense wofuna upolisi ankalemba mayeso ofanana, ndipo wolephera ankabwerera kwawo, kaya ndi wa mpingo uti. Okhoza onse ankaikidwa pa gulu limodzi la oyenerera. Kuchokera pa gulu limeneli, theka la otengedwa linkayenera kukhala Akatolika, theka linalo ena onse. Ndondomekoyi inayamba mu 2001, chaka chimene RUC inasinthidwa kukhala Police Service of Northern Ireland, kapena PSNI. Inali yosemphana ndi malamulo oletsa tsankho pa ntchito, moti ngakhale bungwe la European Union linachita kuikapo chilolezo chapadera m'malamulo ake kuti itheke.

Wosiyidwa uja ali ndi mlandu womveka, ndipo tiyenera kumumvera mpaka amalize. Iye akuti: ine ndinali khanda pamene zoipazo zinkachitika. Sindinamenye munthu, sindinathyole chitseko cha munthu. Ngongole anatenga ndi ena, bwanji mukulipiritsa ine? Ndipo ngati kusala munthu chifukwa cha mpingo kunali kolakwa dzulo, kwasanduka bwanji kwabwino lero? Mnyamata wina Mpulotesitanti anakafika nayo kukhoti nkhaniyi mu 2002, koma khoti linagamula kuti lamuloli ndi lovomerezeka. Chigamulo cha khoti chimatseka mlandu, koma funso la mumtima limatsala. Ine sindigwirizana ndi amene amamuyankha mnyamatayu kuti asadandaule poti anthu a kwawo anadya kale. Iye sanadye nawo. Munthu saimira agogo ake pa mlandu.

Pamene ndimasiyana naye ndi pa funso lina, limene timalidumpha kawirikawiri: ntchito ya upolisi ndi ya ndani? Tinazolowera kuona ntchito ya m'boma ngati mphotho, ngati chikho chimene amapatsa wopambana pa mpikisano. Ikanakhala mphotho, bwenzi wa malikisi ambiri ali mwini wake, ndipo kumulanda kukanakhala kuba. Koma malo a wapolisi sanakhazikitsidwe kuti athokoze ophunzira bwino. Anakhazikitsidwa chifukwa cha mayi wothyoleredwa nyumba uja. Iyeyo ndiye mwini ntchito, ndipo wolembedwayo ndi wantchito wake. Choncho funso loyamba polemba apolisi liyenera kukhala lakuti, kodi gulu limene tikupangali litha kumutumikira mayiyu?

Apa m'pamene upolisi umasiyana ndi ntchito zina zambiri. Injiniya womanga mlatho safunika kuti anthu amukonde. Mlathowo ukalimba, walimba. Wapolisi zake n'zina. Milandu yambiri imaululika chifukwa wina wake walankhula: mnansi amene anaona galimoto usiku, mwana amene anamva kukuwa, mkazi amene walimba mtima kunena zimene mwamuna wake amamuchita. Wapolisi akhoza kukhala ndi malikisi 95, koma akalowa m'dera limene aliyense akangomuona amatseka pakamwa, nzeru zakezo zimangokhala m'mutu. Kukhulupiriridwa ndi chida chogwirira ntchito, chimodzimodzi galimoto kapena unyolo. Ndipo mayeso a munthu mmodzimmodzi sangachipime, chifukwa chidachi chimakhala pa gulu lonse. Mukasankha anthu 500 okhoza kwambiri, onse ochokera mbali imodzi, mukhoza kupeza kuti aliyense payekha ndi katswiri, koma gulu lawo silingathe kugwira ntchito pa theka la dziko.

Palinso china chozama kuposa pamenepa. Wapolisi ndi munthu amene tonse tinamulola kuti atigwire pa mkono, atitseke m'chitokosi, ndipo zikavuta agwiritse ntchito mphamvu. Munthu wina aliyense akachita zimenezi ndi mlandu. Chilolezo chotere n'chachikulu kwambiri, ndipo chimapiririka pokhapokha ngati ndikudziwa kuti yunifolomuyo ikanatha kuvalidwa ndi ine, mlongo wanga kapena mwana wa mnansi wanga. Zikakhala kuti ogwira ndi a mtundu umodzi nthawi zonse ndipo ogwidwa ndi a mtundu wina nthawi zonse, ogwidwawo saonanso lamulo. Amaona anthu ena akuwalamulira basi. Ngakhale wapolisiyo atachita zonse molondola, ogwidwawo alibe njira yodziwira zimenezo, poti palibe wa kwawo amene ali mkati kuti awauze.

Wina anena kuti, ngati vuto ndi limeneli, bwanji osangotsegula chitseko kwa aliyense n'kusiya kuti zinthu zisinthe zokha? Vuto n'lakuti chitseko cha RUC chinali chotsegula kale pa pepala. Palibe lamulo limene linkaletsa Mkatolika kufunsira. Koma ndani angafune kukhala woyamba, yekhayekha pakati pa anthu omukayikira, kwawonso akumuona ngati mdani? Aliyense amadikira kuti anzake achuluke kaye, ndiye sachuluka. Komanso wapolisi akalembedwa amakhala zaka makumi atatu pa ntchito, choncho kusintha kwa pang'onopang'ono kukanatenga mibadwo. Mtendere umene unali utangobadwa kumene sukanadikira nthawi yonseyo. Ndondomeko ya theka-theka inathyola mzere wodikiranawu: Mkatolika wofunsira ankadziwa kuti m'kalasi la maphunziro sakakhala yekha. Pamene inkatha mu March 2011, Akatolika anali atafika pafupifupi 30 pa apolisi 100 alionse.

Koma ndisakunamizeni kuti kusintha nkhope kumachiza zonse. Apolisi a atsamunda kuno kwathu ambiri anali anthu akuda ngati ife, koma zimenezo sizinawapangitse kukhala apolisi a anthu. Chitsanzo cha posachedwa chili ku America. Mu January 2023, mu mzinda wa Memphis, mnyamata wakuda wa zaka 29, Tyre Nichols, anamenyedwa ndi apolisi ndipo anamwalira patapita masiku atatu. Apolisi asanu amene anaimbidwa mlandu wa imfa yake anali akuda onse. Yunifolomu ili ndi mphamvu yomeza munthu. Wachinyamata akalowa m'gulu limene chizolowezi chake ndi kumenya ndi kubisirana, kawirikawiri gululo ndi limene limamusintha.

Izi sizikutanthauza kuti kusakaniza anthu n'kopanda phindu. Kafukufuku wa apolisi a ku Chicago, amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2021, anayerekeza apolisi ogwira ntchito m'madera ofanana pa nthawi zofanana. Anapeza kuti apolisi akuda ankaimitsa ndi kumanga anthu mocheperapo, makamaka pa timilandu ting'onoting'ono, ndiponso ankagwiritsa ntchito mphamvu mocheperapo kuposa anzawo achizungu. Apolisi aakazi nawonso ankagwiritsa ntchito mphamvu mocheperapo kuposa aamuna. Ndiye phindu lilipo. Chimene Memphis ikutiphunzitsa n'chakuti phindulo limafa ngati nyumba imene atsopanowo akulowa sinasesedwe.

A Patten anazidziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake theka-theka inali mfundo imodzi chabe pa 175. Dzina linasintha. Baji inasintha, ndipo yatsopanoyo ili ndi chisoti chachifumu cha Britain pamodzi ndi zeze wa Ireland. Malumbiro atsopano anatchula za ufulu wa anthu. Panakhazikitsidwa bodi yoyang'anira apolisi momwe muli andale a mbali zonse ndi anthu ena oima paokha. Ofesi yapadera yofufuza madandaulo okhudza apolisi, yosakhala pansi pa apolisiwo, inayamba ntchito mu 2000 motsogozedwa ndi Nuala O'Loan. Apolisi akale ambiri anapatsidwa ndalama kuti apume msanga, malo apezeke. Kuitana mlendo n'kosavuta. Chovuta ndi kukonza pakhomo kuti mlendoyo asiye kukhala mlendo.

Mtengo wa zonsezi sanalipire wosiyidwa yekha. Amene analowa analipiranso, ena ndi magazi. Mu January 2010, Peadar Heffron, wapolisi Mkatolika wolankhula chiyankhulo cha Ireland komanso kaputeni wa timu ya apolisi ya masewera a GAA, anadulidwa mwendo bomba litaphulika pansi pa galimoto yake. Pa 2 April 2011, patangopita masiku ochepa ndondomeko ya theka-theka itatha, Ronan Kerr, Mkatolika wa zaka 25 amene anali atangomaliza kumene maphunziro a upolisi, anaphedwa ndi bomba lotchera pa galimoto yake ku Omagh. Otchera mabombawa anali a timagulu tokana mtendere, ndipo ankadziwa bwino chimene ankachita. Wapolisi Mkatolika anali woopsa kwa iwo kuposa wina aliyense, chifukwa iye yekha ankatsutsa nkhani yawo yakuti apolisi ndi adani. Pa maliro a Kerr, osewera a GAA ndi apolisi anasenza bokosi mosinthana, ndipo mtsogoleri wa boma la chigawocho, Peter Robinson, Mpulotesitanti, anakhala nawo pa Misa.

Maliro amenewa akusonyeza mbali ya nkhaniyi imene sitikonda kuikamba. Timati boma litsegule chitseko, koma anthu otsekeredwawo nawonso ali ndi udindo. GAA inachotsa lamulo lake lija mu November 2001. Chipani cha Sinn Féin chinavomereza kuthandiza apolisi mu January 2007. Popanda zimenezi, malo osungidwawo akanakhala opanda anthu monga zinakhalira mu 1922. Sungadandaule kuti mulibe wa kwanu mu polisi, kwinaku mwana wa kwanu akalowa ukumutcha wogulitsa. Ndipo ntchitoyi sinathe. Kuchokera 2011, chiwerengero cha Akatolika mu PSNI changokwera pang'ono, chili cha m'ma 32 pa 100, pamene kalembera wa 2021 anapeza kuti Akatolika pamodzi ndi anthu oleredwa m'chikatolika anali 45.7 pa 100. Mu August 2023, mayina a apolisi ndi antchito ena pafupifupi 10,000 atatuluka mwangozi pa intaneti, zinadziwika kuti alipo apolisi amene ngakhale abale awo sadziwa ntchito imene amagwira. Mpaka lero andale a kumeneko akukanganabe ngati theka-theka iyenera kubwerera.

Nanga ife zikutikhudza pati? Funsoli si lachilendo kwathu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 ndipo asapitirire 60 pa 100. Aliyense amene anaganizapo za mtsikana wogwiriridwa amene akuyenera kufotokoza zonse pa kauntala yodzaza amuna okhaokha akudziwa chifukwa chake lamulo lotere lili lofunika kupolisi. N'chimodzimodzi agogo amene amalankhula Chisena, Chiyao kapena Chitumbuka chokha, kapena munthu wosamva amene amalankhula ndi manja, akafuna kupereka sitetimenti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene sitinavutikepo kuti timvedwe ndi wapolisi tikhoza kuganiza kuti vutoli kulibe.

Koma tilinso ndi chilonda chathu. Mawu akuti kota akangotchulidwa, ambiri amakumbukira kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite potengera boma lochokera, kamene kanawawitsa mitima ya mabanja ambiri, makamaka kumpoto, mpaka boma linalengeza mu 2020 kuti kathetsedwa. Tikudziwanso kuti mawu okoma ngati akuti kuimira mitundu yonse akhoza kusanduka chikopa cha wandale amene akufuna kulowetsa ana a achibale ake. Choncho sindikunena kuti kota iliyonse ndi yabwino. Ya ku Northern Ireland ndimaivomera chifukwa inali ndi zinthu zitatu zoiteteza. Choyamba, palibe amene analowa asanakhoze; mpingo unkagwira ntchito pakati pa oyenerera okhaokha. Chachiwiri, inali yapoyera, yolembedwa m'lamulo, yoti munthu akhoza kukaitsutsa kukhoti. Chachitatu, inali ndi cholinga chowerengeka ndi nthawi yothera, ndipo nthawiyo itakwana inathadi. Chotsani chimodzi mwa zitatuzi, chotsalacho ndi kukondera kovala jekete.

Njira zambiri zosakanizira apolisi sizifuna n'komwe kusiya munthu. Kulengeza ntchito pa wailesi za m'madera osati pa intaneti pokha, kuchititsa mayeso m'maboma kuti wa ku Nsanje kapena ku Chitipa asagulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti, kuwerengera kudziwa ziyankhulo ngati luso, kuunikanso miyeso ngati ya kutalika kwa munthu kuti tione ngati ntchitoyo ikuifunadi, kuonetsetsa kuti wapolisi wamkazi akakhala ndi pakati sataya mwayi wokwezedwa: zonsezi zimakulitsa chitseko popanda kukankha wina. Dziko liyenera kuyamba ndi zimenezi. Theka-theka ndi mankhwala owawa a matenda aakulu, ndipo mankhwala otere sapatsa munthu wa chimfine.

Komabe pamene matenda afika poti theka la anthu silingathe kuitana wapolisi nyumba ikathyoledwa, ndimakhulupirira kuti n'koyenera kupempha ena oyenerera kuti adikire. Chimene sitiyenera kuchita ndi kuwanamiza. Wosiyidwayo auzidwe zoona: unakhoza, sunalakwe chilichonse, ndipo chimene wataya n'chenicheni. Apatsidwe mwayi wofunsiranso, ndipo aone ndi maso ake kuti ndondomekoyo ili ndi tsiku lothera. Auzidwenso kuti chimene chikugulidwa ndi kudikira kwakeko nayenso adzachidya. Tsiku lina iye kapena mwana wake adzafuna mboni yochokera m'dera la anthu enawo, ndipo mboniyo idzalankhula pokhapokha ngati ikuona kuti apolisiwo ndi akenso.